Masekondi Anayi a Yesenia

Loweruka limenelo Yesenia Mosquera anadzuka mtima ukuvina. Fungo la pandebono, timabanzi ta ufa wa chinangwa ndi tchizi, linali litadzaza kale kamsewu kawo ka ku Barrio Obrero, ndipo mphete yatsopano inkanyezimira pachala chake ngati nyenyezi yoiwala kuti kwacha. Linali tsiku lotulutsa kanema wa makatuni wotsatsa bekale yake. Kanemayo anali wa masekondi makumi atatu okha, koma anadya mapeso mamiliyoni asanu ndi atatu, ndalama zimene iye ndi azakhali ake anasunga zaka ziwiri kuti agule uvuni watsopano.

Amene anamunyengerera anali Wílmer, mwamuna womufunsira ukwati. "Uvuni udikire, mfumukazi yanga," ankatero. "Anthu akuone kaye pafoni. Pofika Disembala, mzinda wonse wa Cali udzafola pakhomo pano." Yesenia akamva mawu amenewo, masamu onse ankathawa m'mutu.

Chala chake chinali pafupi kudina foni kuti kanema apite kudziko, pamene Doña Herlinda anatulukira pakhomo ali wefuwefu, tsitsi likadali m'zopotera. Mayiwa ankakhala nyumba yoyandikana, ndipo anatha zaka makumi atatu akung'amba matikiti pakhomo la nyumba ya kanema. Munthu wolowa mozemba ankamudziwa ndi kayendedwe.

"Usadine, mwanawe! Taona ichi."

Pafoni yawo pankaseweredwa kanema. Kamtsikana kojambula, ka masaya onenepa, kankakanda ufa ndi dzanja lamanzere, kakugwedeza phewa motsatira ng'oma. Kanali kamtsikana ka Yesenia, kojambulidwa potengera Yesenia yemwe. Koma epuloni yake yachikasu inali itasanduka yofiira, ndipo pachifuwa panalembedwa dzina la Don Abundio Caicedo, mwini mabekale asanu, amene mwezi watha anatsegula ina pangodya ya msewu wawo womwewo.

Yesenia anagwetsa foniyo mu ufa.

"Wauonera mpaka kumapeto?" anafunsa Doña Herlinda, akuipukuta ndi diresi.

"Ndionerenji? Andibera nkhope yanga!"

"Ine ndauonera kasanu. Wako uja unandionetsa uli ndi masekondi makumi atatu. Uwu uli ndi makumi atatu ndi anayi. Wakuba uti amaba chinthu n'kuchiwonjezera?"

* * *

Azakhali ake a Yesenia, a Nohemí, anatsitsa chitini cha mabisiketi chimene chinkakhala pamwamba pa firiji. Umo ndi momwe munkagona mapepala onse a bekale. Anachimenyetsa patebulo, ufa n'kubuka.

"Ndinanena ine! Sindinanene? Uvuni umaugwira, umauwotha. Chidole cha pafoni ungachigwire pati?"

"Pepala la bajeti, Nohemí," anatero Doña Herlinda. "Maliro tilira bwino."

Anavala magalasi n'kuwerenga ndi chala. Kujambula, mapeso zikwi zana limodzi ndi makumi asanu pa sekondi, zonse mamiliyoni anayi ndi theka. Mawu ndi nyimbo, miliyoni ndi theka. Mzere wotsiriza, mamiliyoni awiri, umwini.

"Umwini ndiye kuti chiyani?"

"Kuti kamtsikanako nkanga ndekha," anayankha Yesenia. "Wojambula sangakagulitse kwa wina. Ndipo mafayilo ake oyambirira, amene munthu angasinthire mtundu wa epuloni, amaperekedwa kwa yekhayo wobwera ndi lisiti."

"Lisitilo lili kuti?"

Azakhali anafufuza, nalitulutsa. Linali lopindidwa kanayi.

"Ine ndimapinda pawiri," anatero mwachangu. "Moyo wanga wonse pawiri. Kupinda kanayi n'kwa anthu oika zinthu m'thumba la buluku."

"Amadziwa za chitini ichi ndi angati?"

"Atatu. Ine, mwanayu, ndi Wílmer. Ndipo musandiyang'ane choncho, Herlinda. Kanemayo ndinkadana naye, inde, koma theka la ndalamazo ndi thukuta langa. Sabata ino ndavutika mokwanira. Tchizi cha Lachiwiri chinali chosalowa mchere, mabanzi onse anatuluka ngati thonje. Cha ku tauni ya Palmira, kumene timagula, sichitero. Ndipo chinabwera m'jumbo ya buluu."

Doña Herlinda anangokweza nsidze.

Nthawi yomweyo njinga yamoto inalira panja. Wílmer analowa ngati mphepo, shati yoyera, mafuta onunkhira, maso ofiira ndi mkwiyo. Anamukumbatira Yesenia mwamphamvu moti mtsikanayo anamva mtima wa mnyamatayo ukugunda pa tsaya lake, ndipo kwa kamphindi anakhulupirira kuti dziko likadali malo abwino.

"Ndauona, mfumukazi yanga, ndauona! Ndi nkhalamba ija yojambula. Wadya kuwiri. Ndikupita pompano, ndikam'phwanyire kompyuta pamutu!"

"Usaphwanye umboni, mkamwini," anatero Doña Herlinda mofatsa. "Iwe khala pano uthandize azakhali kugulitsa. Tangondiuza, sabata ino wayenda kuti?"

"Ine? Pompano basi. Kupatula Lachiwiri, ndinali ku Palmira kogula tchizi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mukundikayikira, amayi?"

"Ndikukayikira aliyense, ngakhale mphaka wanga. Yesenia, vula epuloni. Tiye."

* * *

Don Abundio anawalandira mu ofesi yozizira ngati firiji, mimba itatsamira desiki, akudya chipatso cha chontaduro chothira uchi ndi mchere. Ankalankhula mokweza ngati munthu wozolowera kuitanira malonda.

"Kuba? Ine? Ana inu, Abundio Caicedo saba, amagula! Ndipo amagula motchipa, ndiye nzeru yakeyo. Makampani a kutauni ankandiuza mamiliyoni khumi ndi awiri. Khumi ndi awiri, pa chidole! Kenako mayi wina wandilembera pafoni, akuti ali ndi kanema wopangidwa kale, amene anamuitanitsa walephera kulipira. Mamiliyoni atatu. Mukanakhala inu mukanakana?"

"Mayiyo munamuona?" anafunsa Doña Herlinda.

"Ayi, mauthenga okhaokha. Kafulashi kosungira kanemayo kanabwera ndi munthu wa njinga yamoto, chisoti chili kumutu, galasi lotseka. Lachiwiri, nthawi ya nkhomaliro. Ndinam'patsa ndalama m'manja. Epuloni anandisinthira mphwanga wa kuyunivesite."

"Nanga simunaone kuti nkhopeyo ndi ya mwana uyu?"

Bamboyo anamuyang'ana Yesenia, n'kuyang'ana foni, n'kumuyang'ananso. Kutafuna kunaima.

"Mayo ine. Masayawo." Anapukuta zala. "Chemwali, ine mabanzi ako ndimalimbana nawo, koma nkhope ya munthu sindiba. Mundibwezere mamiliyoni atatu anga, kanemayo ndimuchotsa lero lomwe."

"Masekondi anayi owonjezerawo anachokera kuti?"

"Ameneyo ndine!" Anadziguguda pachifuwa. "Ndinati, mayi, ine sindigula chovala cha munthu wina osasokapo thumba langa. Ndikufuna mathero atsopano, okoma, oti munthu aziwonera kawiri. Anadandaula, koma patatha sabata ziwiri anabweretsa. Ndipotu mathero amenewo ndi amene anthu akutumizirana. Golide weniweni!"

Ali panja, dzuwa likuwotcha pamutu, Yesenia anagwira mkono wa Doña Herlinda. "Ndi mkazi, mwamva? Mkazi! Ndiye kuti Wílmer ayi." Anapuma mwamphamvu, kenako nkhope inagwa. "Koma ndiye kuti azakhali?"

"Pafoni aliyense akhoza kuvala diresi, mwanawe. Imitsa takisi."

* * *

Wojambula uja, Don Efraín Lucumí, ankagwirira ntchito m'kachipinda ka pamwamba pa shopu yokonza nsapato. Anali wamtali, woonda, wa imvi, ndipo chilichonse ankachiyeza ndi masekondi. Khoma lonse linali mapepala a manja, mapazi ndi milomo.

"Kudya kuwiri? Ine?" Anavula magalasi pang'onopang'ono. "Mtsikana, sekondi imodzi ya kanema wako ndi zithunzi khumi ndi ziwiri. Masekondi makumi atatu ndi zithunzi mazana atatu ndi makumi asanu ndi limodzi. Dzanja ili linatupa. Ndiye ndigulitse zimenezo mamiliyoni atatu kwa munthu woti sasiyanitsa chikasu ndi chofiira? Kundinyoza kwake kumeneko."

"Mafayilo munapereka kwa ndani?" anafunsa Doña Herlinda.

"Kwa amene anatumidwa ndi mwiniwake. Wa njinga yamoto, chisoti kumutu, lisiti m'manja. Lachiwiri, kutatsala pang'ono kuti ikwane thwelofu. Malamulo anga ndi omwewo: lisiti, mafayilo."

"Ine sindinatume munthu!" anakuwa Yesenia.

"Unandilembera wekha." Anatsegula foni yake n'kuwerenga mosasangalala. "Don Efraín, ndine Yesenia, iyi ndi nambala yatsopano. Ndikufuna masekondi anayi owonjezera kumapeto. Musauze aliyense, ngakhale ine mukandiona musatchule, ndikufuna kudzidzimutsa Wílmer." Anakweza mapewa. "Achinyamata okondana amalemba zopusa kuposa pamenepa. Wa chisotiyo analipira zikwi mazana asanu ndi limodzi, ine n'kupereka."

Doña Herlinda anakhala pa mpando wokhawo umene unalipo. "Bambo, ndiphunzitseni. Mathero amenewo munangowapeka m'mutu?"

"Kupeka?" Nkhalambayo inakwiya koposa poyamba. "Ana a masiku ano ndiwo amapeka, n'chifukwa zidole zawo zimayenda ngati zathyoka msana. Ine sindijambula chimene sindinachione. Munthu weniweni ayambe wachita, amujambule pafoni, ine ndizitsatira chithunzi ndi chithunzi. Masekondi makumi atatu aja ndinabwera ndekha kubekale kudzamujambula akukanda. Anayi awa ndinati, nditumizireni kanema woti nditsatire, apo ayi palibe ntchito. Anazengereza masiku awiri, kenako anatumiza."

"Tioneni."

Anadina kompyuta. Galasi linagawika pakati. Kumanja kunali kamtsikana kojambula, kumanzere Yesenia weniweni.

Munali m'khitchini yakuseri, dzuwa la madzulo likulowa pawindo, ufa ukuyandama m'kuwalako ngati fumbi la golide. Yesenia wa m'kanemayo ankakanda atapereka msana. Kenako anatembenuka ngati waitanidwa. Tsitsi linamugwera kumaso, analikankha ndi msana wa dzanja chifukwa zala zinali ndi ufa, n'kusiya mzere woyera pachipumi. Maso anakula. Anabwerera phazi limodzi m'mbuyo ngati akuyamba gule wa salsa, n'kuseka, kuseka kwa munthu amene wamva chinthu chimene wachidikira moyo wake wonse. Kumanjako kamtsikana kofiira kanachita zomwezo, ndipo pamutu pake panatuluka mawu akuti mabanzi a Don Abundio ndi chikondi chenicheni.



"Phokoso ndinachita kulichotsa," anatero Don Efraín. "Silinali la ntchito."

"Libwezereni," anatero Yesenia. Mawu ake anali ngati a munthu wina.

Kanemayo anayambanso. Panamveka wailesi patali, ndi mawu a mwamuna pafupi kwambiri ndi foni, onjenjemera, okoma ngati uchi. "Mfumukazi yanga, tatembenuka. Udzakhala mkazi wanga?"

Don Efraín anatsokomola n'kuyang'ana kukhoma. "Ndinkayesa kuti mwamunayo anakupatsa kanemayu kuti usunge."

"Sanandipatse. Ndinam'pempha kangapo." Yesenia sanachotse maso pa kompyuta. "Ankati ndi chuma chake, sichidzatuluka m'foni mwake mpaka imfa."

Doña Herlinda anamugwira dzanja lamanzere, nalitembenuza kuti liyang'ane kuwala.

"Anakufunsira liti?"

"Mwezi wa Ogasiti. Analibe mphete. Anati idzabwera."

"Ndipo inabwera liti?"

Yesenia anayang'ana mpheteyo. "Lachitatu lapitali."

* * *

Anafika kubekale ili folo koloko, nthawi imene kamphepo ka kumapiri kamatsikira mu Cali n'kumakweza masiketi ndi mapepala. Masiku onse Yesenia ankakakonda kamphepo kameneko. Tsiku limenelo kanangomuwawa m'maso.

Wílmer anali kuseri kwa kauntala atavala epuloni yachikasu ija, imene inali ya amayi ake a Yesenia, akuseketsa makasitomala awiri. Atawaona anatambasula manja. "Bwanji, wavomera mbava ija?"

Doña Herlinda anadikira kuti ogulawo atuluke, natseka chitseko, natola makiyi a njinga yamoto amene anali pambali pa sikelo n'kuwaponya m'thumba la diresi.

"Mkamwini, ku Palmira kunali bwanji Lachiwiri?"

"Kotentha. Bwanji?"

"Nohemí, wa tchizi wa ku Palmira amakulunga ndi chiyani?"

"Masamba a nthochi," anayankha azakhali, maso ali pa mnyamatayo. "Chiyambire bambo ake. Jumbo ya buluu ndi ya kumsika wa Alameda, apa pomwepa."

"Mphindi khumi kuchokera kwa wojambula," anatero Doña Herlinda. "Mphindi khumi zina kukafika kwa Abundio. Tchizi chosalowa mchere, lisiti lopindidwa kanayi, munthu wosavula chisoti dzuwa lili pamutu. Ndipitirize?"

Wílmer anaseka, koma kusekako kunathera panjira. "Amayi, mwaonera mafilimu ambiri. Yesenia, ukuwamvera? Tchizi ndi umboni?"

"Ndamva mawu ako," anatero Yesenia.

"Mawu ati?"

"Tatembenuka. Udzakhala mkazi wanga?"

Nkhope ya mnyamatayo inachita ngati mtanda wophwa. Anakhala pa thumba la ufa. Kwa nthawi yaitali ankangopotokola chingwe cha epuloni.

"Sindinkafuna kutumiza umenewo," anayamba motsitsa. "Ndinafufuza m'foni monse. Ena onse unali utapereka msana kapena azakhali ali pompo. Nkhalamba ija inakakamira, Abundio naye anakakamira. Ndinati ndi masekondi anayi okha, chidole chokha, ndani adzadziwe?" Anadzutsa mutu, misozi ili lengelenge. "Miyezi itatu, Yesenia! Miyezi itatu ukuyenda chala chili mbee, anzako akukufunsa, asuweni ako akundiseka kuti ndine wofunsira ndi malovu. Ndinkafuna ukhale ndi mphete ngati akazi ena. Ndinkati kanema wako atuluka yekha, wa Abundio atuluka mwezi wamawa, anthu adziwa kuti woyamba ndi wako. Anandilonjeza kuti adikira! Ndalama yonse ili pachala chakopo, sindinadyepo ngakhale khofi. Ndinachitira iwe."

Chimene chinamupweteka Yesenia n'chakuti ankanena zoona. Akanakhala kuti anadyera mkazi wina kapena njuga, akanamutukwana, akanamugenda ndi thireyi, mtima n'kupepuka. Koma mnyamatayo anakhala pamenepo ndi nsidze zake zokongola, akudikira kuti athokozedwe.

"Ine ndinakupempha mphete?"

"Sunapemphe, koma..."

"Ndinali ndi masekondi anayi, Wílmer. Anali anga ndi iwe. Usiku uliwonse ndinkawaonera m'mutu ndisanagone. Lero ali m'foni ya aliyense wokwera basi, akugulitsa mabanzi a munthu wina." Anapuma. "Unandigulitsa kuti undigule."

Anakoka mphete. Inakana, chala chinali chitatupa ndi kutentha. Azakhali anamusunthira mbale ya batala. Anapaka, napotoza, mpaka inavuka. Poyang'ana poti aiike, anaona sikelo yoyezera yisiti, naiponya pamenepo. Manambala ofiira anaphethira n'kuima.

"Magalamu anayi," anawerenga Doña Herlinda. "Galamu imodzi pa sekondi. Watchipa, mwanawe."

"Mfumukazi yanga..."

"Dzina langa ndi Yesenia. Vula epuloni ya amayi anga."

Wílmer anavula. Doña Herlinda anakulunga mphete m'kapepala ka mabanzi. "Iyi ibwerera kusitolo kumene inachokera. Sadzatipatsa ndalama yonse, amenewo sabweza chimodzimodzi. Chotsalacho ilipira njinga yako, kuti Abundio alandire mamiliyoni atatu ake dzuwa lisanalowe. Ukakana, ine ndi foni ya Don Efraín tikukwera takisi ya kupolisi, ukawafotokozere chifukwa chimene umadzitcha Yesenia. Sankha msanga, miyendo yanga yatopa."

Wílmer anayang'ana Yesenia komaliza, kudikira kuti mwina atembenuka. Sanatembenuke. Belu la pachitseko linalira, mayi wachikulire ndi mnyamata n'kutuluka, wina patsogolo wina pambuyo.

Azakhali anayatsa uvuni wakale uja, nauwomba m'mbali kawiri kuti ugwire moto. Sananene kuti ndinanena ine.

"Kanema wathu titulutsebe?" anafunsa patapita nthawi.

"Mawa m'mawa. Tinalipira masekondi makumi atatu, agwire ntchito yake."

Yesenia anathira ufa wa chinangwa m'beseni, nanyenyera tchizi, nayamba kukanda ndi dzanja lamanzere. Kamphepo kanalowa pawindo lakuseri, tsitsi n'kumugwera kumaso. Dzanja linanyamuka lokha kuti likalikankhe, koma linaima m'malere. Analibwezera mu ufa, napitiriza kukanda osaona bwino.